Tsiku Limene a Yero Anaimbanso

Vangie Dimaculangan anaimva nkhaniyi ali chogwada, akukwecha bafa la abwana ake ku Hong Kong. Mnzake wina wogwira ntchito m'nyumba yoyandikana anamuimbira foni akuchita kukuwa ngati wapsa ndi madzi otentha: a Yero, gulu loimba lija, agwirizananso, aimba tsiku limodzi lokha ku Manila. Anyamata amene analekana kalekale atagendana ndi mabotolo kuseri kwa nsanja, amene analumbira pa wailesi kuti ngakhale pa maliro sadzakumana. Vangie anakhala tsonga pamphepete pa bafalo, thovu likuyenderera m'zigongono, ndipo asanatsuke n'komwe m'manja anali ataganiza kale zogula matikiti awiri. Ina yake, ina ya mwana wake Kristel.

A Yero anawadziwa asanatchuke. Nthawi imeneyo Vangie anali mtsikana wa pakoleji, akugona bedi limodzi ndi mnzake Odette m'kachipinda ka lendi ku Sampaloc, mmene mukatsegula chitseko chimagunda bedi. Anali ndi kaseti imodzi ya a Yero yojambulitsa kwa mnzawo, ndipo ikakodwa ankaibweza ndi pensulo. Loweruka ankavala malaya obwerekana n'kupita ku kabala kena kapansi kumene gululi linkaimbira anthu osakwanira n'komwe kudzaza jipi imodzi yonyamula anthu. N'komweko kumene Vangie anakumana ndi Rodel, mnyamata wakachetechete amene anamutolera nsapato itavuka povina. Mimba inabwera sukulu isanathe. Kristel atabadwa, amene anamunyamula pa ubatizo anali Odette.

Fakitale ya nsapato imene Rodel ankagwirako ku Marikina itatsekedwa, Vangie anati apite kunja zaka ziwiri zokha. Mwana anali asanayambe sukulu. Ndipo anali Vangie yemweyo, ndi pakamwa pake, amene anagwira Odette dzanja pabwalo la ndege n'kumuuza kuti, "Uzikagona komweko masiku ena. Rodel sadziwa ngakhale kupesa mwana."

Zotsalazo anazimva kwa Kristel, pa foni, mwanayo akuyankhula mosadziwa kanthu. "Papa ndi Nanay agona kale, atseka chitseko." Mpaka tsiku limenelo Odette anali Tita, anti chabe. Tsopano anali Nanay, dzina limene mwana amaitanira mayi wake weniweni. Vangie anatsala ndi lakuti Mama, limene Kristel ankalitchula mwaulemu ngati akuitana mphunzitsi.

Kwawoko ukwati sutha pa pepala, choncho Vangie anakhalabe mkazi wa Rodel, ndipo makatoni a sopo, nsapato ndi chokoleti anapitirira kufika ku Marikina Khirisimasi iliyonse. Koma m'nyumbamo sanapondemonso, ndipo kwa Odette sanayankhulenso liwu ndi limodzi. Akabwera kutchuthi ankafikira kwa mchemwali wake ku Pasig, n'kumakumana ndi Kristel m'malesitilanti, akufunsana za sukulu mpaka nkhuku itatha m'mbale. Chaka chino mwanayo anali wamkulu, akugwira ntchito yoyankha mafoni a makasitomala a kunja. Vangie ankati mumtima mwake: akandiona ndikuimba, akaona mmene ndinalili ndisanakhale mayi wa pa foni, mwina adzandidziwa.

Tsiku la zoimbazo litakwana, mvula inagwa kuyambira m'mawa n'kudzakata chakumadzulo. Bwalo la kufupi ndi nyanja linali matope okhaokha. Vangie anafika msanga, naima pafupi ndi mayi wina wowotcha matumbo a nkhuku pa timitengo, akuyang'ana anthu akulowa. Amuna a madazi, ena akukoka mwendo. Akazi onenepa ngati iye, atanyamula mankhwala opaka m'mawondo m'zikwama. Anthu amene kale ankalumpha mipanda tsopano ankafunsa alonda kumene kuli zimbudzi asanafunse kumene kuli nsanja.

Kristel anafika dzuwa litapendeka, akuthamanga, tsitsi lili lonyowa. Anatenga dzanja la mayi ake n'kuligunditsa pamphumi pake monga mwa ulemu wa kwawo.

"Pepani Mama, msewu unadzaza. Ndiponso ndimayembekeza kuti Papa abwere kaye, sindikanawasiya okha Nanay."

Vangie anali atamva kale kwa mchemwali wake kuti Odette ali ndi khansa, ndipo a chipatala anamubweza kunyumba. Sanafunse. Maso ake anali pa malaya amene mwanayo anavala: tisheti yakuda yosuluka, ya chithunzi cha denga la malata, yokhala ndi kabowo paphewa.

"Malayawa wawatenga kuti?"

"Ndi a Nanay. Akuti anagula tsiku limene a Yero anatulutsa kaseti yoyamba. Kabowoka akuti munthu wina anawaotcha ndi ndudu povina."

Malayawo anali a Vangie. Amene anawagula ndi iye, ndipo chipsera cha nduduyo chinali chidakali paphewa lake, pansi pa bulauzi. Anatsegula pakamwa, kenako anangoti, "Akukukhala."

"Mwadya?"

"Ndimadikira iwe."

"Ine ndadya kale kunyumba. Gulani zanu, ndikudikirani."

Sanagule. Analowa.

Malo awo anali kumbuyo, kwa oimirira. Kutsogolo kunali mipando yoyera ya anthu obwera pa magalimoto awo, ndipo pakati panali mpanda wachitsulo ndi alonda. Nsanja inkaoneka ngati bokosi la machesi, moti aliyense ankangoyang'ana makanema akuluakulu a m'mbali. Magetsi atazima, chikhamu chonse chinakuwa kamodzi, ndipo Vangie anamva tsitsi likumuimirira. Kwa kanthawi kochepa anaiwala mawondo, anaiwala matope olowa m'nsapato, nagwira Kristel pamkono mwamphamvu.

Kenako nkhope ya Dindo, woimba wamkulu, inadzaza kanema. Tsitsi linali lakuda mopitirira, lopaka mankhwala, ndipo khosi linali litagwa.

"Dindo!" anakuwa bambo wina kumbuyo kwawo, chitini cha mowa chili m'manja. "Mimba imeneyo ndi ya miyezi ingati?"

"Musiye mnzako," anayankha mkazi wake. "Yakoyo sikelo unayamba liti?"

Anthu anaseka. Ng'oma zinayamba, koma woimba ng'oma anali mnyamata wachilendo. Mwini wake anamwalira zaka zapitazo, ndipo anangoonetsa chithunzi chake pang'ono anthu n'kuomba m'manja. Bok, wa gitala, anaima kumapeto kwenikweni kwa nsanja atatembenukira kumbali, ndipo nyimbo yonse yoyamba sanamuyang'ane Dindo ngakhale kamodzi. Pofika pamene mawu amayenera kukwera, Dindo analozetsa maikolofoni kwa anthu kuti amuimbire. Maso ake ankatsikatsika pansi, pamene panali kakanema komulembera mawu a nyimbo zake zomwe.

Anthu sanasamale. Ankaimba ngati ali m'tchalitchi, amuna akuluakulu akulira poyera, atakolekana mikono m'makosi. Vangie nayenso anayamba bwino, koma pa ndime yachiwiri anapeza kuti mawu amuthawa. Ankadziwa kumene nyimbo ikulowera, koma pakamwa pankangotuluka phokoso. Zimene zinali zokonzeka pa lilime lake zinali tinyimbo ta Chikantoni cha ku Hong Kong togonekera ana, timene anaimbira ana a eni ake mpaka onse anakula n'kupita ku sukulu za kunja.

Kristel ankadziwa liwu lililonse. Ankaimba atatseka maso, akumenya chidendene m'matope. Pa nyimbo ya mnyamata wogulitsa ndudu pa mphambano, pamene Dindo amati "ndidikire pa ngodya," Kristel anaimba kuti "ndidikire pa ngolo." Vangie anatembenuka n'kumuyang'ana. Munthu mmodzi yekha padziko ankalakwitsa pamenepo, ndipo ankakangana naye pa bedi lija ku Sampaloc mpaka mwini nyumba kugogoda khoma.

"Ndi pa ngodya," anamukuwira m'khutu.

"Chiyani?"

"Mawuwo! Ndi pa ngodya!"

Kristel anaseka, koyamba tsiku limenelo. "Nanay amati anthu onse amalakwitsa, olondola ndi iwo!"

Pakati pa nyimbo mwanayo ankatulutsa foni, kuyang'ana, kubweza m'thumba. Vangie anayesa kumuuza za kabala kapansi kaja, mmene Bok anagwera pa nsanja ataledzera n'kupitiriza kuimba ali chagada. Kristel anagwedeza mutu. "Ee, Nanay anandiuza. Akuti ndi iwo anamudzutsa." Zimenezo zinali zoona.

Mdima utagwira, Bok anasintha gitala, naimba timawu tinayi tokha, ndipo bwalo lonse linabuula. Inali nyimbo ya chigumula, ya anthu awiri okhala padenga madzi atadzaza m'nyumba, akugawana ndudu imodzi yonyowa, akulonjezana zinthu zimene sadzachita madzi akaphwa. Kristel anatulutsa foni.

"Ndinawalonjeza Nanay. Anati iyi yokha."

Anaimba foni ya vidiyo, naikweza m'mwamba. Koma Kristel anatengera bambo ake msinkhu waufupi, ndipo kutsogolo kwake kunali misana ndi mikono ya anthu. Anayesa kunyanyamphira, naterereka m'matope.

"Sakuona kanthu. Mama, inu ndinu wamtali. Chonde."

Vangie anayang'ana foniyo ngati wapatsidwa khala la moto. Koma mwanayo anali asanamupemphepo kanthu chikulireni, ngakhale nsapato. Anailandira, naikweza ndi manja awiri.

Kamera inaloza ku nsanja, choncho galasi la foni linayang'ana kwa iye. Odette ankaona a Yero. Vangie ankaona Odette.

Akanakumana naye pamsewu sakanamuzindikira. Mutu unali wokulungidwa ndi kansalu, masaya atalowa, kapaipi ka mpweya kali m'mphuno. Mano okha ndi amene anali omwe aja, aakulu, okhala ndi mpata pakati. Kumbuyo kwake kunali katani ya maluwa achikasu imene Vangie anaisankha yekha pa msika wa Mong Kok ku Hong Kong. Milomo ya Odette inkayenda limodzi ndi nyimbo. Dzanja la mwamuna linalowa m'chithunzi ndi kansalu konyowa, n'kumupukuta pakamwa pang'onopang'ono, kuyambira kumbali. Vangie analidziwa dzanjalo ndi chala chopindika chimene makina a nsapato anachiphwanya.

Zaka zonsezi ankamuona Odette m'maganizo ali wonenepa, akuseka, atavala zovala zotumizidwa ndi iye. Anali ndi mawu amene anawakonza akusita, akutsuka mbale, akudikira ana a abwana pa geti la sukulu. Anawasula mpaka anathwa. Tsopano mikono inkamuwawa, mapewa akuyaka, ndipo sanatsitse foniyo. Nyimboyo ndi yaitali. Dindo anaisiyira anthu pafupifupi yonse. Kristel anali atakwirira nkhope m'manja.

Itatha, Dindo anayamba kuthokoza makampani amene anathandiza, akuwerenga maina. Phokoso linatsika. Vangie anatsitsa mikono, ndipo Kristel anatenga foni, naitembenuza kamera, nalankhula pang'ono. Kenako anamuyang'ana mayi ake mwamantha.

"Akufunsa amene anagwira foni. Akuti sinagwedezeke." Anazengereza. "Akufuna akulankhuleni."

Kristel anamuika kachingwe ka foni m'khutu asanayankhe. Vangie anamva kupuma kolemera, ngati munthu akukoka thumba la mchenga.

"Vangie," anatero Odette. "Wanenepa."

"Iwe waonda."

Kunamveka kaphokoso kamene mwina kanali kuseka. "Dindo watha mawu."

"Wakalamba. Akuchita kuwerenga."

"Bok akadali wokongola?"

"Dazi mpaka kunkhongo."

"Mayo ine." Odette anatseka maso, napuma kangapo. Vangie anadikira. Anaganiza kuti tsopano abwera mawu aja, kupepesa kapena kudziikira kumbuyo, ndipo sanadziwe kuti mwa ziwirizi chimene angachipirire n'chiti. Koma Odette anangoti, "Mwanayo wavala za mvula? Amadwala chifuwa akanyowa."

Vangie sankadziwa zimenezo. "Mvula yakata," anatero.

"Ubwere mawa. Rodel aphika pansiti. Sindidya, koma ndimakonda fungo." Anapumanso. "Ubwere, iwe. Usachite mwano."

"Ndiona."

"Ukati ndiona ndiye kuti subwera. Ndimakudziwa."

Chithunzi chinaima, nkhope ya Odette ili chotsegula pakamwa, kenako foni inaduka. Ng'oma zinayambanso.

Sipanapite nyimbo ziwiri, foni inaliranso. Kristel anatseka khutu lina ndi chala, akumvetsera, nkhope ikusintha.

"Ndi Papa. Akuti akubanika, mpweya wa m'botolo ukutha. Ndikuyenera kudzera kogula wina."

"Tiye limodzi."

"Ayi Mama, khalani. Mwachokera kutali chifukwa cha zimenezi." Anali atayamba kale kuyenda. Anabwerera, namupsompsona patsaya mofulumira. "Zikomo chifukwa cha foni ija."

Vangie akanatha kumutsatira. Anamuona akudzipanikiza pakati pa anthu, kamutu kakuda kakuzimirira, ndipo miyendo yake sinasunthe. Anaonera mpaka kumapeto ali yekha, pakati pa mabanja a eni ake. A Yero anatsanzika, anthu anakuwa kuti abwerere, anabwerera n'kuimba zina ziwiri. Pomaliza anaima pamzere kuti awerame. Dindo anatambasula dzanja kwa Bok, Bok anaika lake m'thumba, ndipo kanema anaonetsa zonsezo asanathimitsidwe. Makombola anaphulika kumwamba, utsi wake n'kutsikira pa anthu akutsokomola, akufunafuna nsapato m'matope.

Mawa lake Vangie anadzuka, anasamba, navala. Anakhala pa mpando kwa mchemwali wake chikwama chili pamiyendo mpaka dzuwa linafika pamutu, kenako anavula nsapato. Mkuja wake anapita kukagula mphatso za ana a abwana. Tsiku lachitatu anagula mango ndi buledi wofewa, nakwera jipi ya ku Marikina.

Anatsikira pa tchalitchi n'kuyenda wapansi. Msewu unali utasintha, koma sanafunikire kufunsa. Patsogolo pa nyumbayo anali atamanga tenti kutseka theka la msewu, mipando yapulasitiki ili mbwee, amuna akusewera makadi pa matebulo monga amachitira pa maliro. Pa geti panali chinsalu chokhala ndi chithunzi cha Odette ali wonenepa, akuseka.

Anamwalira m'bandakucha wa tsiku lomwelo. Kristel anali atatumiza uthenga, koma Vangie anali atathimitsa foni kuyambira dzulo lake, kuopa kufunsidwa ngati akubwera.

Amayi achikulire a mumsewumo anamuzindikira, nagwirana zigongono. Achinyamata sanamudziwe. Mtsikana wina anamupatsa kapu ya khofi ndi bisiketi n'kumufunsa ngati ali wa kuntchito kwa malemu. Rodel anatuluka m'nyumba, wamfupi kuposa mmene ankamukumbukira, imvi zili mbuu. Anaima patsogolo pake akusisita manja pa buluku.

"Wabwera," anatero.

"Ndabwera."

"Anakudikira dzana. Anatiuza kuti tisatseke geti." Sananene mokalipa. Anayang'ana thumba la mango. "Lowa ukamuone."

Bokosi loyera linali pabalaza, pakati pa nyali ndi maluwa. Vangie anayang'ana pa galasi. Anali atamupaka milomo yofiirira, mtundu umene Odette sakanaupaka ali moyo, ndipo anamutseka pakamwa mwakuti mano aja sankaoneka. Anaima pamenepo nthawi yoyenera, nachita chizindikiro cha mtanda. Misozi sinabwere. Kristel anali pakona atazunguliridwa ndi anzake, maso atatupa, ndipo anthu ankabwera kudzamugwira manja n'kumuuza kuti mayi ake anali munthu wabwino.

Panalibe amene anadziwa pomukhazika Vangie. Mpando wa pafupi ndi bokosi unali wa Rodel. Kunja kunali kwa anansi. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anapezeka ali kukhitchini, kumene makapu akuda anali ataunjikana mu sinki. Anaika mango pa tebulo, napinda manja a bulauzi, nayamba kutsuka. Apa pokha manja ake anadziwa chochita. Anatsuka onse, anapukuta, kenako anatsegula kabati kuti aike, napeza muli mpunga ndi zitini. Anatsegula ina, muli mankhwala. Anaima ndi makapu m'manja, akuyang'ana uku ndi uku.

Kristel analowa atanyamula thireyi ya makapu ena. Anaima pakhomo.

"Mama, mukutani?"

"Ndimati ndithandizeko. Makapu mumaika kuti?"

Mwanayo anatula thireyi, namulanda makapuwo mofatsa, imodziimodzi, n'kuwaika pa shelefu ya kuseri kwa chitseko.

"Siyani, atsuka ena," anatero ndi mawu osasa. "Pitani mukakhale pansi. Inu ndi alendo."

Vangie anapukuta manja pa siketi, natuluka kukakhala mu tenti, pafupi ndi amuna a makadi. Anakhala mpaka madzulo. Maliro anaikidwa Loweruka, iye ali m'mbuyo mwa gulu, ndipo Lamlungu anakwera ndege, chifukwa abwana anali atamuuza kuti Lolemba kubwera alendo ndipo nyumba iyenera kukhala yoyera.